Jekete ya ubweya kuchipewa ija ili ndi eni ake: za Willow Allen ndi anthu akwawo

Mwezi wa June pa kaunjika ikangotsegulidwa belo ya majekete pamakhala ina yake imene anthu amalimbirana, yaitali yofika m'ntchafu, chipewa chake chili ndi ubweya kuzungulira nkhope yonse. Ambirife timangoti jekete ya azungu basi. Komatu si azungu anayamba kusoka zimenezija, kasokedwe kameneka ndi ka anthu a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi otchedwa ma Inuit, amayi awo ndi amene anatulukira kuti chipewa chikakhala ndi ubweya m'mphepete mphepo siimenya nkhope mwachindunji, ndipo anakhala akusoka choncho kwa zaka mazanamazana makampani a ku Toronto ndi London asanabadwe nkomwe. Nde ukamva zoti mtsikana wachi Inuit wakhala model, akujambulidwa atavala jekete ya kampani yaikulu, nkhani yake siikhala ngati ya ma model ena onse aja. Chovala chikutsatsidwacho ndi chakwawo.

Mtsikana ndikunenayu ndi Willow Allen, kwawo ndi ku Inuvik, ku Northwest Territories m'dziko la Canada.

Tiyambe ndi maina chifukwa apa anthu amasokoneza kwambiri. Mawu oti Inuit pachilankhulo chawo amangotanthauza anthu, akakhala mmodzi amati Inuk. Dzina lija ambiri tinaphunzira ku pulayimale loti Eskimo ku Canada analisiya, eni ake ambiri salifuna, mpaka timu ya mpira ya ku Edmonton imene inkadziwika ndi dzina limeneli inasintha nkukhala Elks mu 2021. Ma Inuit amapezeka ku Greenland, ku Canada, ku Alaska ndi kachigawo kena ka Russia kotchedwa Chukotka, ndipo ku Canada kokha kalembera wa 2021 anapeza kuti alipo 70,000 ndi kakuti. Madera awo mu Canada ndi anayi, Nunavut, Nunavik, Nunatsiavut ndi dera la ma Inuvialuit chakumadzulo. Willow ndi wa gulu lomalizali, iyeyo ndi Inuvialuk, ndipo anthu ake anasainirana pangano la malo awo ndi boma la Canada mu 1984, kale Nunavut asanakhazikitsidwe mu 1999.

Inuvik ndi tauni ya anthu 3,000 ndi kakuti, ili m'mbali mwa mtsinje wa Mackenzie pamene mtsinjewo ukugawikana timitsinje tambirimbiri usanathire m'nyanja. Boma ndi limene linaimanga m'zaka za m'ma 1950 pofuna kusamutsa anthu ku Aklavik kumene madzi ankasefukira, ngakhale anthu ena a ku Aklavik anakana kusamuka ndipo mudziwo ulipobe. Nthaka yake ndi youndana chaka chonse moti mapaipi a madzi ndi a zonyansa sawakwirira pansi, amadutsa pamwamba m'mabokosi ataliatali kuchoka nyumba iyi kupita iyo. Nthawi yotentha dzuwa sililowa kwa masiku oposa 50, nthawi yozizira silituluka pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo kuzizira kufika madigiri 40 kunsi kwa ziro si nkhani yoti anthu nkuimbirana foni. Msewu wa Dempster wolumikiza tauniyi ndi kummwera unatsegulidwa mu 1979, wina wopita ku Tuktoyaktuk kunyanja unatsegulidwa mu 2017, kale nthawi yozizira magalimoto ankayenda pamwamba pa mtsinje woundana. Chakudya cha m'sitolo chimachokera kutali nde mtengo wake ndi wowawa, nchifukwa chake nsomba, nyama ya caribou (gwape wamkulu wa kumalo ozizira) ndi chikopa cha namgumi chokhala ndi mafuta ake chimene amati maktak kumeneko ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku, osati zoonetsa alendo.

Ndiye tangoganizani malo amenewa kutalika kwake ndi dziko la mafashoni. Mzinda wa Edmonton, kumene anthu a kumpotoko amapita akafuna chipatala chachikulu kapena sukulu ya ukachenjede, uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000. Kumeneko nkumene kuli Mode Models, ejensi imene inamutenga Willow, ndipo kuchoka apo anakagwira ntchito ku Singapore, kenako nkhope yake inayamba kuoneka pa zotsatsa za makampani ngati Clinique ya mafuta odzola ndi Canada Goose ya majekete. Kuchoka kumalo koti mpweya wotuluka mkamwa umaundana pa nsidze kukafika ku Singapore koti thukuta limakamuka ungoima, eee.

Za ku Singapore zija anthu amaona ngati ndiye basi munthu waphula, koma ntchito ya u model mmene imayendera si momwe imaonekera pa Instagram. Mtsikana akamayamba amakhala ndi ejensi yakwawo imene inamupeza, imeneyo ndi imene imamufunira ejensi ina kunja, ndipo atsikana ambiri ongoyamba kumene amatumizidwa kaye ku mizinda ya ku Asia kwa miyezi iwiri kapena itatu kuti akadzadzitse buku lawo la zithunzi. Tikiti ya ndege, nyumba imene amagona mothithikana ndi ma model anzake, kandalama kodyera pa sabata, zonsezo ejensi imalipira koma ndi ngongole, imadzadulidwa pa ndalama zimene wapanga, kuphatikiza gawo la ejensiyo limene nthawi zambiri limayambira pa 20 pa 100 iliyonse kumapita mmwamba. Tsiku lonse amangoyenda kuchoka casting iyi kupita iyo, malo osankhira ma model oti alembedwe ntchito, kufika kupeza atsikana 40 ali pa mzere onse ataliatali, kulowa, kupereka kadi yake, kuyenda kupita uko nkubwerera, munthu wakhala pa tebulo uja kuyang'ana mwina osakwana miniti nkuti zikomo, basi. Zithunzi za m'magazini otchuka zimapereka dzina koma ndalama zake nzochepa, ndalama yeniyeni ili ku zotsatsa malonda ngati za mafuta odzola zija. Ena amabwerako ku kontrakiti yotere alibe kanthu, ena ali ndi ngongole. Ndipo pa zonsezi palibe amene amafunsa model kuti kwanu nkuti, agogo ako ndani. Ntchito yake ndi kukhala ngati hang'ala yoyenda, chovala chilankhule iye akhale chete.

Apa mpamene Willow ndi anzake a msinkhu wake anasiyana ndi ma model akale. Anabwera nthawi ya TikTok, nde sanadikire kuti magazini iwafotokoze, anayamba kudzifotokoza okha. Willow pa masamba ake amaonetsa moyo wa kwawo ndi chikhalidwe cha ma Inuvialuit, nkumayankha mafunso a anthu amene mpaka lero amaganiza kuti anthu a kumpoto onse amagona m'nyumba za madzi oundana. Mnzake Shina Novalinga wa ku Nunavik anatchuka ndi mavidiyo oimba ndi mayi ake kaimbidwe kapakhosi kaja, koti amayi awiri amaima moyang'anizana atagwirana mikono nkumapatsirana mawu mpaka mmodzi aseke. Makampani ataona kuti atsikanawa ali ndi anthu awoawo owatsatira anayamba kuwafuna ndi nkhani zawo zomwe. Pali mtsikana winanso amene anthu amamuphatikiza m'gulu lomweli, Quannah Chasinghorse uja anagwedeza Met Gala, phwando lalikulu la mafashoni la ku New York, mu 2021 ali ndi mizere pachibwano, koma iye si Inuk, ndi wa mitundu ya Hän Gwich'in ndi Lakota. Kuwaika onse m'thumba limodzi zili ngati munthu wakunja kunena kuti Mtumbuka ndi Mzulu ndi amodzi poti onse ndi akuda.

Koma kuti mumvetse chifukwa chake nkhope ya mtsikana wachi Inuit pa chikwangwani imawakhudza anthu akwawo mpaka misozi, muyenera kudziwa zimene makolo awo anadutsamo, ndipo si zakalekale ayi. Kuyambira m'ma 1940 boma la Canada linkawapatsa ma Inuit timabaji tozungulira tokhala ndi nambala toti azivala pakhosi, chifukwa akuti maina awo anali ovuta kulemba, nambala yoyamba ndi E kwa akummawa ndi W kwa akumadzulo. Ana ankatengedwa kupita ku sukulu zogonera konko zoyendetsedwa ndi mipingo ndi boma, kumene kulankhula chilankhulo chakwanu kunali mlandu. M'dziko lonse ana a eni nthaka okwana 150,000 anadutsa m'sukulu zimenezi. Ku Inuvik komweko kunali nyumba ziwiri zogonamo ana, Grollier Hall ya Akatolika ndi Stringer Hall ya Anglican, ndipo Grollier Hall yatsekedwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ena mwa amene ankayang'anira ana kumeneko anadzapezeka olakwa kukhoti pa milandu yogwirira ana. Amishonale analetsanso mphini za kumaso zimene akazi achi Inuit ankatema pachibwano, pamasaya ndi pachipumi, zimene amati tunniit, akuti nzachikunja, nkhani yoti ife kuno sitingaidabwe poti mphini za agogo athu zinathanso mwanjira yomweyo. Pano atsikana ayambiranso kutema, ndipo mu 2019 Mumilaaq Qaqqaq analowa nazo m'nyumba ya malamulo ku Ottawa ngati phungu wa Nunavut ali ndi zaka 25.

Nde mwana wokulira m'tauni yoti akuluakulu ambiri anauzidwa ali ana kuti nkhope yawo, chakudya chawo ndi chilankhulo chawo nzochititsa manyazi, akadzaona mtsikana wapamudzi pomwepo akutsatsa mafuta odzola a dziko lonse, si nkhani yaing'ono. Mpake kuti Willow sanangodalira kamera, sukulu yake anasankha ya social work, ntchito yothandiza mabanja ndi ana amene ali pamavuto. Ku Canada kalembera wa 2021 anaonetsa kuti ana a eni nthaka ndi osakwana 8 pa 100 iliyonse ya ana onse, koma pa ana amene anachotsedwa kwa makolo awo nkumaleredwa ndi anthu ena pansi pa boma, oposa theka ndi iwowo. Munthu wochokera ku Inuvik manambala amenewa sachita kuwerenga mu lipoti, amawadziwa maina.

Tibwerere ku jekete ija, poti mpamene pagona nkhani. Chovala chachi Inuit si fashoni poyambirira, ndi nkhani ya moyo ndi imfa, msoko umodzi ukalola mphepo kapena madzi mlenje sabwerako. Ubweya wa caribou uli ndi mphako mkati ngati kaudzu komwera, umasunga mpweya wofunda, nde nthawi yozizira kwambiri ankavala zikopa ziwiri, chamkati ubweya kuloza kuthupi chakunja ubweya kuloza panja. Nsapato zawo zotchedwa kamik amasoka ndi chikopa cha seal, kanyama ka m'nyanja kaja ena amati katumbu wa m'nyanja, mayi amapala chikopacho ndi mpeni wake wooneka ngati mwezi wongokhala kumene wotchedwa ulu, amachitafuna m'mphepete kuti chifewe mpaka mano a amayi akale ankaperepeseka, kenako amasoka ndi mtsempha wa nyama mwanjira yoti singano isaboole chikopa mbali zonse, ndipo mtsemphawo ukanyowa umafufuma nkutseka timabowo tonse. Palinso amauti, jekete ya mayi wa mwana. Ambiri akaiona pachithunzi amaganiza kuti mwana ali m'chipewa, koma ayi, kumsana kuli thumba losokedwa pansi pa chipewacho, mwana amakhala mmenemo atagunda msana wa mayi ake, chipewa chachikulucho chimafunditsa onse awiri, ndipo mapewa ake ndi otakasuka moti mayi amatha kumuzunguza mwana kubwera kutsogolo kuti ayamwe osamutulutsa kumphepo. Mbereko ndi jekete chinthu chimodzi. Kwawo kwa Willow kumadzulo kuli kasokedwe kawonso, jekete yaitali ya nsalu yamaluwamaluwa yokhala ngati diresi, chipewa chake ubweya utayalidwa mozungulira ngati kuwala kwa dzuwa, m'mphepete muli timizere tamitundumitundu totchedwa Delta braid.

Zinthu zokongola chonchi anthu a mafashoni sangazisiye, ndipo sanazisiyedi. Mu 1999 kampani ya Donna Karan ya ku New York inatumiza munthu kumpotoko kukagula zovala zachikhalidwe kuti akaonerepo, bungwe la amayi achi Inuit la Pauktuutit linadzuka nkuyamba ntchito yofuna kuteteza amauti, koma vuto linali loti malamulo a umwini wa luso amafuna dzina la munthu mmodzi ndi tsiku limene anapanga chinthucho, pamene amauti ndi ya mtundu wonse ndipo palibe angaloze tsiku. Mu 2015 kampani ya ku London yotchedwa KTZ inatulutsa juzi yodula yokhala ndi manja awiri pachifuwa ndi zizindikiro zina, mayi wina wa ku Nunavut, Salome Awa, anaizindikira kuti ndi chovala chopatulika cha kholo lake limene linali sing'anga, chimene chinajambulidwa pachithunzi kalekale. Nkhani itafika pa wailesi ya CBC kampaniyo inapepesa nkuichotsa pamsika. Kupepesa kuja kunabwera atagwidwa, akanapanda kuoneka bwenzi itagulitsidwa mpaka kutha.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi nkhani ya chikopa cha seal. M'zaka za m'ma 1970 mabungwe oteteza nyama analimbitsa kampeni yolimbana ndi kupha tiana ta seal toyera mbuu kugombe la kummawa kwa Canada, mu 1977 katswiri wa mafilimu wa ku France Brigitte Bardot anapita yekha kumeneko, zithunzi zinazungulira dziko lonse anthu nkumalira. Mu 1983 maiko a ku Ulaya analetsa zikopa za tiana timeneti. Koma ma Inuit sankapha tiana toyerato, iwo amasaka seal wamkulu, nyama amadya, chikopa amasokera kapena kugulitsa kuti apeze ya mafuta a boti ndi zipolopolo. Ogula sanasiyanitse, msika wonse unangogwa, mabanja amene ankadzidalira anayamba kudikira thandizo la boma. Mu 2009 European Union inaletsa katundu yense wa seal, inaikamo mpata woti za ma Inuit zikhoza kulowa, koma mpata uli ndi ntchito yanji pamene ogula onse anauzidwa kale kuti chikopacho ndi tchimo. Greenpeace ya ku Canada, limodzi la mabungwe a kampeni ija, inadzapepesa kwa ma Inuit mu 2014. Chaka chomwecho ma Inuit anayamba kuika zithunzi zawo pa intaneti atavala zikopa zawo monyadira, anazitcha sealfie. Ku America nako lamulo la 1972 loteteza nyama za m'nyanja limaletsa kulowetsa katundu wa seal, kutanthauza kuti telala wa ku Nunavut amene luso lake lonse lili pa chikopa chimenechi sanganyamule katundu wake bwinobwino kukagulitsa ku New York, mzinda womwewo umene makampani ake amatengera kasokedwe kake. Jekete yapulasitiki yotengera yawo ikuyenda dziko lonse mpaka kufika pa kaunjika pathu pano, yeniyeniyo ikuimitsidwa pa boda.

Ndiye mu 2019 Canada Goose, kampani ya ku Toronto imene jekete yake imodzi imapitirira madola a ku Canada 1,000, inayambitsa chimene inachitcha Project Atigi, atigi kutanthauza jekete pachilankhulo cha Inuktitut. Inatenga amayi osoka 14 ochokera m'madera anayi aja, aliyense anasoka jekete yakeyake ndi zipangizo za kampaniyo, dzina lake nkutchulidwa, ndalama zogulitsa nkupita ku bungwe la ma Inuit la Inuit Tapiriit Kanatami. Mu 2022 inagwira ntchito ndi Victoria Kakuktinniq wa ku Rankin Inlet, mwini wa Victoria's Arctic Fashion, amene anali ataonetsapo kale zovala zake ku Paris mu 2019, ndipo amene anavala majeketewo pa zithunzi zotsatsira anali Willow Allen, Shina Novalinga ndi Marika Sila, mtsikana wa zisudzo amenenso ndi Inuvialuk. Wosoka Inuk, ovala ma Inuit. Poyerekeza ndi za KTZ zija ndi kusintha kwenikweni, sindingakane.

Komabe tisachite kuombera m'manja mpaka kutupa. Kampani ngati imeneyi imagulitsa majekete ochuluka zedi chaka chilichonse ndipo onsewo maziko ake ndi nzeru za amayi a kumpoto, kagulu ka majekete ochepa mwa apo ndi apo ndi kadontho chabe, ndipo kamaigulira kampaniyo mbiri yabwino yoti ikanati igule ndi ndalama bwenzi italipira zambiri. Model naye ali ndi mtolo wake, chifukwa akangodziwika kuti ndi Inuk ma foni amachuluka mwezi wa June umene ku Canada amakumbukira mbiri ya eni nthaka, kapena kampani ikafuna kuoneka kuti imakonda mitundu yonse, kenako zii. Ndipo kulikonse kumene wapita amayembekezeka kuyankhira anthu 70,000, za sukulu zija, za seal, za nyengo, pamene mnzake wachizungu amene wajambulidwa naye angofunsidwa kuti amadzola chani kumaso. Mbali inayi akaika vidiyo akudya maktak kapena atavala ubweya, m'makomenti mumadzaza anthu a m'mizinda yofunda akumutukwana kuti ndi wankhanza kwa nyama, anthu oti nyama yawo amaipeza itakutidwa kale mu pulasitiki.

Mu 2021 Canada Goose yomweyo inalengeza kuti isiya kugwiritsa ntchito ubweya weniweni wa nyama pofika kumapeto kwa 2022, ogula a ku London ndi New York anasangalala. Ku Inuvik amayi sanasiye, akusokererabe ubweya wa wolverine, kanyama kolusa kooneka ngati chiuli, m'mphepete mwa chipewa cha mwana asanapite ku sukulu mumdima wa December, chifukwa mpweya wa mkamwa ukaundana pa ubweya umenewu umangosasidwa ndi dzanja nkugwa, pamene wapulasitiki uja umagwirana nkukhala chibuma cha ayezi patsaya.